Satifiketi ya masaji ku Joni: werengerani kaye musanakongole

Mitengo yolembedwa pakhoma mu spa za ku Sandton ndi Rosebank ndiyo imapusitsa ambiri. Munthu amaona zimene kasitomala amalipira pa ola limodzi, n'kuchulukitsa ndi maola 8, mawa lake wakasaina kale ngongole ya sukulu. Komatu ndalama ija si ya wotikita. Yambiri imatsala kwa mwini malo, ndipo palibe manja amene angatikite maola 8 tsiku ndi tsiku.

Funso loyamba ndi lakuti pepala mukugulalo likakulowetsani pati. Kuno ku South Africa, masaji ochiza amayang'aniridwa ndi bungwe la AHPCSA potsatira lamulo la Allied Health Professions Act la 1982. Kuti mulembetse kumeneko n'kumadzitchula kuti therapeutic massage therapist, pamafunika dipuloma ya zaka ziwiri ya sukulu yovomerezeka. Kosi ya masabata ochepa, monga ya Swedish kapena hot stone, imakupatsani mwayi wa ntchito ya mu spa ndi mu saluni basi, yongothandiza munthu kupumitsa thupi. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndithu, koma malipiro ake ndi ena. Chowawa n'chakuti ena amalipira ndalama yochuluka poganiza kuti akugula pepala la zochiza, n'kutulukamo ndi la mu spa. Eni spa zikuluzikulu amazindikiranso mapepala a ITEC ndi CIDESCO, mabungwe akunja opereka mayeso a ntchito za spa, choncho funsani ngati mayeso amenewa ali m'kati mwa fizi kapena mudzalipira padera. Musanapereke ngakhale dipoziti, pemphani nambala yomwe sukuluyo inalembetsera ku DHET (dipatimenti ya boma yoona za maphunziro apamwamba) ndi nambala ya kosiyo ku SAQA (bungwe lounika mapepala a maphunziro), mukazifufuze nokha pa intaneti. Akayamba kuzungulira, tulukani.

Kwa ife ochokera kumudzi pali zina zowonjezera. Sukulu ya dipuloma ingafune kuti MSCE yanu iunikidwe kaye ndi SAQA, ndipo zimenezi n'zolipira. Study visa imafuna medical aid (inshuwalansi ya kuchipatala), komanso imangolola ganyu ya maola 20 pa sabata. NSFAS, thumba la boma lothandiza ophunzira pa fizi, musaiwerengere n'komwe: sithandiza obwera ndi pasipoti, komanso silipirira sukulu zomwe si zaboma. Ndipo satifiketi si pemiti ya ntchito. Masaji sali pa mndandanda wa critical skills (ntchito zosowa anthu kuno, zomwe boma limaperekera viza kwa obwera), ndiye ngati mapepala anu okhalira kuno sakulolani kugwira ntchito, ngongole idzayamba kukula inu musanapeze pogwira.

Tsopano tiwerengere. Tiyerekeze kuti mwakongola R30,000 ya fizi, yunifolomu ndi mabuku, pa chiwongoladzanja cha 28% pachaka, yobweza m'miyezi 24. Mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi R1,650, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza pafupifupi R39,500, osawerengera ndalama yotsegulira ngongole, service fee ya mwezi ndi mwezi ndi inshuwalansi. Lamulo la National Credit Act limaika malire: pa ngongole yopanda chikole, chiwongoladzanja sichipitirira repo rate (chiwongoladzanja chomwe banki yaikulu ya dziko imaika) kuphatikiza 21% pachaka. Malirewa amatsatidwa ndi okongoza olembetsedwa ku NCR (bungwe loyang'anira okongoza ndalama) okha. A katapila, amene kuno amawatcha mashonisa, amawerengera pa mwezi, ndipo ambiri amalanda khadi la kubanki kapena pasipoti, zomwe lamulo limaletsa. Fizi ya sukulu musaitenge kumeneko, zivute zitani.

Nanga zolowa? Malipiro otsikitsitsa a boma anali R28.79 pa ola kuyambira mu March 2025. Pa maola 45 a pa sabata, inali pafupifupi R5,600 pa mwezi. Woyamba kumene ntchito ndi bwino awerengere chapafupi ndi pamenepa, kenako n'kuonjezera komishoni imene walonjezedwa polemba, osati yapakamwa. Chotsanipo R1,650 ija, lendi ya chipinda ku Yeoville kapena Rosettenville, mataxi awiri kupita ndi awiri kubwerera ngati mukugwira ku Fourways, ndi ya kumudzi imene mayi akuidikira. Zotsalazo ndizo zikuuzeni ngati kosiyo ikukwanira m'thumba mwanu.

Malo ena salipira malipiro okhazikika, amangopereka komishoni. Ngati kasitomala walipira R600 inu n'kulandira 20%, yanu ndi R120. Ndiye kuti makasitomala 14 oyambirira mwezi uliwonse mukutikitira banki. Tsiku lopanda kasitomala mwangowononga ya thiransipoti. Funsani ngati komishoni imawerengedwa VAT isanachotsedwe kapena itachotsedwa, ngati amadula ya mafuta, komanso ngati ma tip amafika onse kwa inu. Ntchito za saluni ndi spa zili ndi bargaining council yake (bungwe la mabwana ndi ogwira ntchito) yomwe imaika malipiro, koma si abwana onse amene angakuuzeni zimenezi okha.

Nkhani ya manja masukulu saikonda kuitchula. Masaji a mphindi 60 amadya mphindi zina 15 zosintha matawulo, kupukuta bedi ndi kusamba m'manja. Anthu anayi kapena asanu a deep tissue (masaji okanikiza mwamphamvu) pa tsiku ndi ntchito yokwana. Wodalira zala zazikulu zokha amayamba kumva kuwawa pamfundo za dzanja, ndipo wa komishoni akadwala sabata imodzi, ndalama imaima pomwe banki ikudulabe. Choncho pokaona sukulu, funsani ngati amaphunzitsa kukanikiza ndi mkono ndi chigongono, kutsitsa bedi kuti kulemera kwa thupi lanu kuzigwira ntchito, komanso maola angati mudzatikite anthu enieni pamaso pa mphunzitsi.

Kuyendera anthu kunyumba kumabweretsa ndalama yonse kwa inu, koma bedi lopinda silikwera bwino taxi, ndiye Uber kapena Bolt amadya phindu popita ndi pobwera. Onjezerani mafuta a grapeseed, matawulo ndi kuchapa. Achemwali, samalaninso ndi zotsatsa za pa Facebook zofuna "atsikana a masaji" osafunsa pepala lililonse. Zambiri mwa izo si spa.

Njira yomwe imapweteka pang'ono ndi kuyamba ndi kosi imodzi yaifupi ya sukulu yolembetsedwa, kulipira ndi ndalama ya chipereganyu kapena pang'onopang'ono kusukulu komweko, n'kugwira ntchito miyezi ingapo kuti muone ngati thupi likulola musanalowe dipuloma. Posaina, werengani ndime yonena za kusiyira panjira. Makontirakiti ena amafuna fizi ya chaka chonse ngakhale mutasiya mwezi wachiwiri, pomwe Consumer Protection Act imalola kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika popereka notisi ya masiku 20 a ntchito, n'kulipira chindapusa choyenera chokha.