Mjigo wa chithandizo umafera pa kalabala kakang'ono

Mabungwe akakumba mjigo kwa Santhe, kwa Wimbe kapena kwa Chulu, anthu amavina, ndipo m'pomveka. Koma kuno ku Kasungu mijigo yambiri imene yaima siinaume ayi. Madzi alimo pansipo, chatha ndi kachipangizo kotchipa kamene palibe anakasintha pa nthawi yake.

Tiyambe ndi pokumba. Madzi a pansi amatsika kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, choncho mjigo woyesedwa m'dzinja umanamiza: umatulutsa bwino mu Febuluwale, chilimwe chikafika n'kumangotulutsa mpweya. Amfumu ndi komiti ya mjigo afunse okumbawo kuti akumba mamita angati, madzi awapeza pati, ndipo silinda (chigawo cha pampu chokhala m'madzi pansipo) aikhazika pati, manambalawo alembedwe m'kope. Malowo atalikirane ndi chimbudzi, khola ndi manda mamita osachepera 30, ndipo akhale kumtunda kwa zimenezi.

Pampu yofala m'midzi mwathu ndi Afridev. Imakoka madzi mpaka pa mamita 45, ndipo mjigo umodzi amauwerengera anthu 250. Midzi itatu ikamatunga pamodzi, zipangizo zimatha msanga. Ubwino wake ndi woti ndodo, plunger (kachipangizo kokweza madzi m'silinda) ndi foot valve (kotsekera madzi kuti asabwerere pansi) zimatuluka osazula mapaipi, pogwiritsa ntchito sipanala imodzi ndi kachitsulo kokolera foot valve.

Pali mayeso awiri amene amayi otunga madzi angachite okha. Loyamba, pampani mpaka madzi atuluke, siyani kwa mphindi 30, kenaka yambaninso kupampa mukuwerenga. Ngati mwapampa kopitirira kasanu madzi asanatuluke, ndiye kuti akuthawira pansi: kalabala ka pa foot valve, bobbin kapena O-ring, katha, mwinanso paipi yang'ambika. Lachiwiri, pampani mokwanira ka 40 pa mphindi imodzi. Muyenera kupeza malita pafupifupi 16, ndowa ya malita 20 kutsala pang'ono kudzaza. Akachepa kwambiri, U-seal (kalabala ka pa plunger) yadyeka.

Chogwirira chikayamba kugwedera cham'mbali ndi kulira, ma bush bearing (timapulasitiki tomwe chogwirira chimazungulirapo) atha. Apa m'pomwe midzi yambiri imalakwa, chifukwa madzi amakhala akutulukabe ndiye anthu amati tidikire kaye. Podikirapo chitsulo chimadya chitsulo chinzake, ndipo vuto la ndalama zochepa limasanduka logula mutu wa pampu. Chimodzimodzi timalabala togwira ndodo pakati pa paipi: tikatha, ndodo imakhula paipi mpaka kuiboola, ndipo iyi ndi ntchito ya mekaniki wa m'dera, osati komiti. Zipangizo zotha msangazi zisinthidwe kamodzi pa chaka ngakhale mjigo ukuoneka wabwino. Ana asamamenyetse chogwirira pansi popampa modukizadukiza.

Ndalama ndiye pagona nkhani. Kusonkha mjigo utaonongeka kale kumachedwetsa, ndipo masabata amenewo anthu amabwerera ku zitsime za m'dambo, uku tikukumbukira mmene kolera inasautsira dziko lino mu 2022 ndi 2023. Khomo lililonse lizisonkha mwezi ndi mwezi, kapena lipereke mtedza, soya kapena chimanga pokolola, pamene anthu ali nazo. Msungichuma aziwerenga kope pamsonkhano wa mudzi. Ife timaona kuti ndi bwino kugula malabala n'kusunga kusiyana ndi kusunga ndalama, popeza mitengo ikukwera ndiponso ndalama ya m'thumba imabwerekedwa pakagwa maliro.

Pa nkhani ya chakudya, tisanamizane. Mjigo wopampa ndi manja sungathirire munda wa chimanga. Chimanga cha m'chilimwe malo ake ndi m'madambo ndi m'mbali mwa Bua, Rusa ndi Dwangwa. Chimene mjigo ungathe ndi kadimba ka kumapeto kwa ngalande. M'malo moti madzi otayika adikhe n'kuswa udzudzu, alowe m'mabedi atatu kapena anayi a mpiru, repu, bonongwe ndi tomato, okhala ndi manyowa ndi udzu wophimbira. Madzi a sopo ochokera pochapira apite padera, ku nthochi. Mpanda ukhale wolimba, apo ayi mbuzi zimaliza zonse tsiku limodzi. Ndiwo zina zipite kwa okalamba ndi mabanja a ana onyentchera, zina zigulitsidwe kuti ndalama ilowe m'thumba la mjigo.

Bungwe lisanachoke, komiti ionetsetse kuti amayi ndi abambo angapo aphwasula ndi kumanganso pampuyo ndi manja awo, sipanala ndi chokolera zatsala m'mudzi, mjigo walembetsedwa ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo, ndipo akudziwa sitolo yapafupi yogulitsa zipangizo za Afridev.