Tenti yayesedwa, zipi ikukakamira

Tangomaliza kuimika tenti pabwalo, kuiyesa tisanapite kokagona kutchire nyengo yotenthayi. Ena akutiseka kuti tapupuluma, ulendo ukadali kutali. Asiyeni aseke. Tapeza kuti zikhomo zina zasowa, ndipo zipi ya pakhomo ikukakamira pakati, moti udzudzu ukanangolowa mwaufulu.

Kwa ine, zinthu zoterezi n'zofunika kuzionera kunyumba kuno, kukuwala. Tochi ikhale ndi mabatire atsopano. Madzi akumwa achuluke kuposa mmene mukuganizira, chifukwa kukatentha thukuta limamaliza madzi m'thupi msanga. Koma chomwe sindinyengerera n'chitofu cha gasi: musachiyatsire m'tenti ngakhale mvula igwe. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo.

Inu amene tikupita limodzi, yesani matenti anu sabata ino, musadzandidzutse pakati pa usiku kufuna zikhomo.