Mmene ndimaumbira chivundikiro cha faiba m'chikombole

Ndimayambira pa chikombole, chifukwa kachilema kalikonse kamene kali m'kati mwake kamadzaoneka pa chivundikirocho. Ndikachitsuka n'kuuma, ndimapaka wax kasanu ngati chili chatsopano, ndipo ulendo uliwonse ndimapukuta mpaka chinyezimire. Pamwamba pake ndimapaka mopyapyala PVA, mankhwala amadzimadzi oletsa chivundikiro kumatirira ku chikombole. Mukafulumira apa, chivundikiro chimamatirira ndipo pochotsa mumaswa zonse ziwiri.

Kenako pamabwera gelcoat, imene imadzakhala khungu lakunja. Pa sikweya mita imodzi pamalowa magalamu 500 mpaka 600, kuti ikhuthale pafupifupi theka la milimita. Hardener yake, kutanthauza mankhwala oilimbitsa, ndi MEKP, mamililita 20 pa kilogalamu imodzi, ndipo ndimayeza ndi sirinji, osati ndi maso. Ndimadikira mpaka chala chikakhudza chizimva kunata koma osadetsedwa. Mukayala faiba isanafike pamenepo, kapena gelcoat ikapyapyala kwambiri, styrene, mankhwala a mu rezini (madzi onata omangira faiba), amaidya ndipo imachita makwinya.

Podikirapo ndimakonza mat, nsalu ya ulusi wa faiba. Woyamba ndi wa magalamu 300, wotsatira wa 450. M'mbali mwake ndimang'amba ndi manja m'malo modula ndi sizasi, kuti polumikiza pasaoneke mzere, ndipo zidutswa zimasanjikizana masentimita 5. Rezini ya polyester imafunika kulemera kuwirikiza mat kawiri ndi theka: sikweya mita ya mat wa 450 imamwa kilogalamu imodzi ndi pang'ono, n'kukhuthala pafupifupi milimita imodzi.

Kutentha ndiye mdani wamkulu. Masana a mu Okutobala rezini imagwirana mu chitini musanathe n'komwe kupaka, choncho ndimagwira ntchitoyi m'mawa, pamthunzi podutsa mphepo. Ndimasakaniza theka la kilogalamu nthawi imodzi, hardener mamililita 10 pa kilogalamu, osatsika pamenepo, chifukwa ikachepa chinthucho chimakhala chonata mpaka kalekale. Ngati rezini yanu imafuna cobalt wapadera (wofulumizitsa kulimba), musungunuleni kaye mu rezinimo. Cobalt ndi MEKP zikakumana zokha zimaphulika. Magalasi a m'maso ndi magolovesi sindiyamba popanda izo, poti dontho la MEKP litha kupha diso.

Ndimapaka rezini pa gelcoat, kuyala mat, kenako kudinda ndi nsonga ya burashi. Kukwekwesa kumasokoneza ulusi. Pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri mat amafewa, ndiye ndimayendetsa rola yachitsulo kuchokera pakati kupita m'mbali. Paliponse pooneka poyera pali mpweya, ndipo mpweya wotsala kuseri kwa gelcoat ndi umene umadzaboola khungu pambuyo pake. M'makona akuthwa mat sagona bwino, choncho ndimayamba ndatsekamo phala la rezini losakaniza ndi ulusi woduladula. Sindipitirira mat atatu nthawi imodzi: akachuluka amatentha okha, chinthu n'kupindika kapena kung'aluka. Burashi ndi rola zilowe mu asetoni rezini isanaume.

Rezini ikalimba ngati labala ndimadula zotsala m'mbali ndi mpeni wakuthwa. Mukachedwa pamafunika grinder, ndi fumbi loyabwa lija, lomwe limafuna chophimba mphuno. Pakatha maola 24 ndimalowetsa timphero ta matabwa m'mphepete, osati chitsulo, mpaka chivundikiro chisomphoke. PVA amachoka ndi madzi. Ndimachigoneka pamalo osalala kwa sabata imodzi chisanayambe ntchito, chifukwa chimakhala chikulimbabe ndipo chikatsamira pokhota chimatengera komweko.