Galimoto imene inkatafuna chitsulo pa msewu wa ku Tete

Kaphokosoko kanayamba nthawi ya mvula, pamene ndinkayenda kawirikawiri m'misewu yamatope ya cha ku Domue. Ndikaponda buleki, kutsogolo kunkamveka kuti tswii, ngati mbewa yapanidwa. Ine mankhwala ake ndinali nawo: kukweza wailesi. Miyezi inadutsa choncho.

Tsiku la ulendowu tinanyamuka ku Ulongwe m'bandakucha, ine ndi amalume, kukaona mwana wawo wamkazi yemwe anali atangochira kumene ku Tete. Kumbuyo kwa Hilux tinapakira matumba a mbatatesi, nyemba ndi ufa, katundu woti akanationa apolisi akanati tikukatsegula golosale. Kunkazizira kwambiri moti amalume anadzikulunga bulangete mpaka m'makutu.

Amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kuti Angónia, kumene kuli Ulongwe, ali pamtunda, pomwe Tete ali pansi m'chigwa cha Zambezi. Ulendo wake ndi wotsetsereka, ndipo phazi silichoka pa buleki, makamaka galimoto ikalemedwa. Titadutsa pa mphambano ya Mussacama, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zóbuè, bulangete lija linali litavulidwa kale, ndipo mbewa ija inali itasanduka chigayo. Ndikaponda, khrrr! Chiwongolero chinkanjenjemera m'manja, galimoto n'kumakokera mbali imodzi.

"Mphwanga, galimotoyi ikutafuna chiyani?" anafunsa amalume.

Ndinati ndi timiyala chabe. Iwo sanayankhe, anangotsegula zenera, fungo la chitsulo chopsa n'kulowa. Kuyambira pamenepo ndinkatsika ndi giya yachiwiri kuti injini izigwira galimoto, malole ochokera ku Malawi akutiimbira mahutala kumbuyo. Tinalowa mu Moatize dzuwa lili paliwombo, fumbi la malasha lili mbuu.

Makaniko amene anatilozera, amene anyamata ake ankangomutchula kuti mestre, amagwirira ntchito pansi pa shedi ya malata. Anakweza galimoto pa jeke, n'kuikanso chigubu cha mtengo pansi, chifukwa jeke yokha sayidalirika. Atachotsa tayala anazula timapini tiwiri ndi kasipuling'i, n'kusolola ma pad, amene kuno timawatchula kuti pastilha, omwe ukaponda buleki amafinya disiki, chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala. Imodzi inali ikadali ndi mnofu pang'ono. Inzake, ya mkati, inali chitsulo chokhachokha, chonyezimira ngati mpeni wonola. Anandifotokozera kuti caliper, chitsulo chimene mumakhala ma pad, pa galimoto zimenezi ili ndi mapisitoni anayi okankha ma pad, awiri mbali iyi awiri mbali inayo, ndipo matope akalowa pa labala yong'ambika pisitoni imachita dzimbiri n'kusiya kubwerera. Ndiye pad imangokhalira kukhuza disiki ngakhale usanaponde. Kaphokoso ka tswii kaja, anatero, ndi kachitsulo kamene anakaika dala kuti kazikuchenjeza.

Disikiyo inali ndi mizere ngati munda wolimidwa kumene. Apa ndi pamene ndinayamba kunenerera, poti ndalama ya madisiki sindinaiwerengere.

"Mestre, tingoika ma pad okha, zinazo ndikaonera kumudzi."

"Achimwene, bweretsani chala."

Anandigwira chala n'kuchiyendetsa pa disiki, chikhadabo chikukodwa m'mizere. Kenako anapukuta m'mphepete mwake ndi sanza, pakuoneka timalemba ta MIN TH ndi nambala. Ameneyo ndiye malire a kuonda kwa disiki. Atayeza, yanga inali itapitirira kale, moti ngakhale kuipala pa makina sikukanatheka. Disiki yoonda imatentha msanga, ndipo ma pad atsopano pa mizere yotere amagwira mwa apo ndi apo n'kutha posachedwa. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti sasintha mbali imodzi. Ukasintha kumanzere usinthenso kumanja, apo ayi galimoto izikokera mbali ukaponda mwadzidzidzi.

Amalume ndinawasiya pa benchi akukambirana ndi anyamata za mitengo ya mbuzi, ine n'kukwera njinga yamoto kupita ku Tete, pad yakutha ili m'thumba kuti ndikayerekeze. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Tinawoloka pa mlatho wa Samora Machel, wolenjekeka pa zingwe uja wa 1973. Malole akuluakulu masiku ano amadzera wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, koma wakalewu ndi umene umakuonetsa Zambezi bwinobwino, madzi ali tantha, amayi akuchapa m'mphepete. M'sitolo anandionetsa mitundu iwiri. Ndinayang'ana yotchipa nthawi yaitali ndithu, koma khrrr uja anali akadali m'makutu, ndipo ndinatulutsa mametikali amene ndinasungira feteleza.

Kumanga kwake sikunachedwe, koma ndinaona kuti mestre sathamangira tinthu ting'onoting'ono. Caliper anaimangirira ndi waya kuti isalendewere pa paipi ya mafuta. Pamene disiki imakhala anapakwecha ndi burashi yawaya mpaka dzimbiri lonse litachoka, akuti kachitsotso kamodzi kokha kamapendeketsa disiki, chiwongolero n'kuyambanso kunjenjemera. Madisiki atsopano anawatsuka kuchotsa mafuta amene amabwera nawo. Pisitoni yogwira ija anaitulutsa, kuipukuta, kuiika labala yatsopano, kenako mnyamata wina anakhala mkati akupopa pedulo, iye akutulutsa mpweya m'mapaipi ndi kuthiramo mafuta a mabuleki.

Nditalowa kuti ndilize injini anandigwira phewa. "Musanasunthe, pondani kangapo mpaka pedulo ilimbe." Kenako tinayenda naye kamtunda, akundiuza kuti ndithamange pang'ono, ndiponde mofatsa osaima, ndisiye, ndibwerezenso, kuti ma pad azolowerane ndi disiki. Masiku oyamba, anatero, ndisamaponde mwankhanza.

Tinamulipira, amalume n'kuwonjezapo ndowa ya mbatatesi. Mlatho uja tinawoloka dzuwa likulowa, kutentha kukadali ngati m'ng'anjo. Kunyumba anatiphikira nsima ya pende wa ku Cahora Bassa, ndipo khanda tisanalinyamule n'komwe amalume anali atatulutsa kale pad yakutha ija m'thumba la jekete, akuionetsa mkamwini wawo.