Mphaka wooneka wathanzi ndi amene wandiphunzitsa zambiri

Sabata ino takhala tikuphunzira za mabakiteriya amene amagwira amphaka, ngati amatha kufalikira kwa anthu komanso kwa amphaka anzawo. Ndinalowa m'kalasi ndili nalo kale yankho, loti woopsa ndi mphaka wodwala, wa manthongo ndi woyetsemula. Pofika Lachinayi yankho langalo linali litatha mphamvu.

Chinandisintha maganizo ndi bakiteriya wotchedwa Bartonella henselae. Mphaka, makamaka wosakwana chaka, amatha kukhala naye m'magazi miyezi yambiri, akudya ndi kusewera bwinobwino. Womunyamula kuchoka kwa mphaka wina kupita kwa mnzake ndi utitiri. Umayamwa magazi, chimbudzi chake chokhala ndi bakiteriyayo n'kutsalira mu ubweya, ndiye mphaka akamadzikanda chimalowa m'zikhadabo. Akakukala, pabalapo pamatuluka kachiphuphu patapita masiku angapo, kenako pakatha sabata imodzi mpaka zitatu mwanabere amatupa m'khwapa kapena m'khosi. Dokotala Robert Debré wa ku Paris anafotokoza matendawa mu 1950, koma kachilombo kowayambitsa kanadziwika bwino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Zaka makumi anayi madokotala akuchiza chimene sakuchidziwa bwino!

Anthu ambiri amachira okha. Koma mtima wanga unapita kwa amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chochepa, monga odwala khansa kapena amene HIV yawafooketsa. Kwa iwo kachilomboka kamatha kufika kuchiwindi ngakhale kumtima. Sindikunena kuti ataye mphaka wawo, ayi. Angofunika wina awauze zoona, ndipo ndikufuna kudzakhala mmodzi wa owauzawo.

Kulumidwa ndi nkhani ina. Pasteurella multocida amakhala m'kamwa mwa amphaka ambiri athanzi. Mano awo ndi osongoka ngati singano, amabaya mozama, bala n'kutsekeka msanga pamwamba mabakiteriya ali mkati. Dzanja limatha kufiira ndi kutupa tsiku lisanathe. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, ndipo likakhala padzanja kapena pamfundo, pitani kuchipatala osadikira mafinya. Kumeneko aganiziranso za chiwewe, chomwe chimayamba ndi vayirasi, osati bakiteriya.

Zina tinangodutsamo mwachangu. Chlamydia felis amafiiritsa maso ndipo amafala msanga amphaka akathithikana, koma kwa munthu sizichitikachitika. Bordetella amatsokomoletsa amphaka ndi agalu omwe. Salmonella amabwera ndi nyama yaiwisi n'kutulukira m'chimbudzi, ndiye kusamba m'manja mukayeretsa pamene mphaka wadzithandiza si nkhani yamasewera.

Nditafika kunyumba ndinatenga chipeso n'kupesa kamphaka kanga pamwamba pa pepala lonyowa, monga anationetsera aphunzitsi. Panagwa timadontho takuda, ndipo posakhalitsa tinasungunuka n'kufiira ngati magazi: chinali chimbudzi cha utitiri. Kamphakako kanali kakunyambita chala changa. Mawa m'mawa ndikupita nako kwa dokotala wa ziweto kukafunsa mankhwala a utitiri oyenera msinkhu wake, chifukwa ena opangira agalu amapha amphaka.