Cholembera cha Apongozi

Cholembera cha mtengo chimene ndimakulunga pa makina a torno, amene amazunguliza mtengo pousema, kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia, chili ndi zigawo ziwiri, ndipo chigawo chilichonse chimabooledwa bowo la mamilimita 7 momwe mumamatidwa kapaipi ka mkuwa. Kunsonga kumalowa kamutu kosongoka, pakati pamalowa kachitsulo kopotokola kamene kamatulutsa ndi kubweza inki, ndipo kumwamba kumakhala kokolekera m'thumba. Tizitsulo timeneti sitifuna guluu, timangokanikizidwa mwamphamvu n'kugwira chifukwa cha kuthina, kotero kuti kamene kalowa mopitirira muyeso sikabwerera chifukwa chakuti mmisiri wadandaula.

Alamu anga a ku Johannesburg atanditumizira tizitsulo totere, ndinaganiza zopangira mphatso apongozi anga aamuna, amene ndi mlembi wa mpingo wathu ndipo sayenda opanda cholembera pachifuwa. Mlombwa umene ndinazolowera ndinausiya n'kusankha phingo, mtengo wakuda bii umene kunja amapangira zitoliro zoimbira. Phingo ndi wolimba ndipo amang'aluka akatentha pobowola, choncho ndinamugwira mofatsa, ndinapala guluu yense wotsalira m'kamwa mwa timapaipi, ndipo nditamaliza kusalaza mtengowo unkawala mochititsa kaso.

Lamulo la kachitsulo kopotokola ndinkalidziwa bwino: umakanikiza pang'ono pa vaisi, chitsulo chopanira zinthu, umalowetsa inki, umapotokola n'kuona ngati nsonga yatuluka mokwanira, ndipo ngati siinakwane umachotsa inkiyo n'kukanikizanso. Koma tsikulo mnansi wanga anaima pakhomo kutsutsana nane za mtengo wa mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, ndipo mkangano utafika pokoma, dzanja langa linapatsa vaisi mbasela. Nsonga ya inki inayamba kusuzumira kunja ngakhale cholembera chili chotseka. Ndinaiona ndithu, koma ndinadziuza kuti kanthu kochepa chotero munthu wamkulu sangakazindikire.

Apongozi anachilandira ndi manja awiri, anachikoleka m'thumba la shati yoyera imene amavala pa misonkhano yokha, ndipo m'mawa mwake anakwera chapa, minibasi ya kuno, kupita ku mzinda wa Tete. Unali mwezi wa November, pamene kutentha kwa kumeneko kumapitirira madigiri 40, ndipo m'chapa anthu anali atathinana monga mwa nthawi zonse. Bampu iliyonse nsonga ija inkalemba, thukuta n'kumafalitsa. Podutsa ku Moatize anthu anayamba kuwayang'ana pachifuwa, ndipo pofika pa mlatho wa Samora Machel thumba linali ndi banga lobiriwira lotambalala ngati nyanja ya Cahora Bassa pa mapu a kusukulu.

Atabwerako sanakweze mawu. Anakhala pa mpando pakhonde pawo, ine nditakhala chapatali monga ayenera kuchitira mkamwini, ndipo anati: "Akamwini, cholembera chanu n'chakhama kwambiri, chifukwa chimalemba ngakhale mwini wake akuwodzera." Ndinapempha kuti ndichikonze pomwepo, poganiza kuti luso langa likaonekera pamaso pawo libweza ulemu umene shati inapita nawo.

Kakonzedwe kake n'kosavuta kufotokoza. Kachitsulo kopotokola sungakakoke ndi pulayasi popanda kukaphwanya, ndiye uyenera kukakankha kuchokera kunsonga, zimene zikutanthauza kuti kamutu kosongoka kayambe kachoka. Umachotsa inki, umalowetsa kandodo kachitsulo ka mamilimita pafupifupi 3 kudzera m'kati mwa kopotokolako mpaka kagunde kamutu, umagwira mtengo ndi labala kuti usaterereke kapena kukandika, n'kumamenya ndi hamala pang'onopang'ono. Kamutu kakatuluka, umalowetsa kandodo kokulirapo ka mamilimita pafupifupi 6 kuchokera kunsongako n'kubweza kachitsulo kaja. Amisiri anzeru amaloza nsongayo m'nsanza kapena m'katoni, chifukwa amadziwa kuti kamutuko sikatsanzika pochoka.

Ine ndinaloza pabwalo. Kamutu kanakana, kanakananso, ndipo nditamenya mwaukali kanauluka, kanadutsa pamwamba pa nkhuku n'kukalowa mu ufa woyera umene apongozi anga aakazi anayanika pamkeka. Amene amadziwa mwambo wathu amvetsa kukula kwa vutoli, pakuti mkamwini sangangodzuka n'kukapisa manja mu ufa wa apongozi ake, ndiponso sangawafuulire kuti asauyole. Ndinaitana mayi a kunyumba n'kuwanong'oneza, iwo anakagwada kwa amayi awo, ndipo yankho linabwerera kudzera njira yomweyo: "Auzeni bambo a anawo kuti sefa ilipo, koma ufawu ndi wa thumba lathunthu." Madzulo onse akazi awiriwo anasefa ufa, ana a m'mudzi atazungulira mkeka, uku apongozi aamuna akufotokozera aliyense wodutsa kuti akamwini ataya golide.

Kamutu kanapezeka dzuwa litapendeka, katayera mbuu. Popeza kanali katakhwepa pang'ono chifukwa chotulutsidwa, ndinadonthezera guluu wochepa kwambiri m'kamwa mwa kapaipi ndisanakabwezere, ndipo kachitsulo kopotokola ndinakakanikiza mwamantha, ndikuyesa inki pa kasuntha kalikonse, mpaka nsonga inayamba kubisala bwinobwino. Apongozi anapotokola cholemberacho kutsogolo ndi kumbuyo, anagwedeza mutu movomereza, ndipo anathokoza mwaulemu wonse. Lamulungu lotsatira ndinawaona kutchalitchi atachikulunga m'kapulasitiki ka shuga n'kuchimanga ndi labala, ndipo mayina a opereka chakhumi ankawalemba ndi pensulo ya mdzukulu wawo.