Lachinayi: makhadi 11, anthu asanu

Ndafika ku ofesi cha m'ma 7:40 mvula ikuwaza. Msonkhano wathu wa m'mawa, uja timachita choimirira kwa mphindi 15, unayamba 8 koloko. Aliyense ananena zomwe akugwira, ndipo zonse zimamveka bwino. Koma ine maso anali pa bolodi, pomwe ntchito iliyonse timailemba pa khadi lakelake. Pa mzere wa ntchito zomwe zili mkati panali makhadi 11. Pa mzere wa zomwe zatha panali khadi limodzi lokha kuyambira Lolemba. Tilipo asanu, tonse otanganidwa mpaka kuiwala nkhomaliro, koma palibe chomwe chikufika m'manja mwa kasitomala.

Tikupanga pulogalamu yoti makolo azilipirira fizi kudzera pa foni, ndipo yatsala masabata atatu kuti tiipereke.

Cha m'ma 10 abwana anandiitana. Amachokera kwa kasitomala, nkhope ili yolemera. "Achimwene, nanga titabweretsa anthu ena anayi, sitingathamange?" Funsolo linali lochokera pansi pa mtima, ndipo ndinawamvetsa. Pa ntchito yoomba njerwa, manja akachuluka njerwa zimachulukadi. Khodi, malangizo omwe timalembera kompyuta, ndi ina. Ndinatenga pepala n'kuwalembera madontho asanu, n'kuwalumikiza ndi mizere: anthu asanu ali ndi njira 10 zolankhulirana awiriawiri. Tikafika 9, njirazo zimakhala 36. Komanso wobwera kumene amafunika womuphunzitsa, ndipo womuphunzitsayo ndi yemwe uja amene amayenera kukhala akulemba. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yopanga pulogalamu yaikulu ya makompyuta yotchedwa OS/360 ku kampani ya IBM, analemba zimenezi mu 1975 m'buku lake The Mythical Man-Month: kuonjezera anthu pa pulojekiti yomwe yachedwa kale kumaichedwetsa kwambiri. Abwana anayang'ana pepala lija kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye mukufuna titani?"

Ndinapempha chinthu chimodzi: tisiye kuyamba zatsopano. Makhadi a ntchito zomwe zili mkati asapitirire atatu. Ukamaliza chako, usatenge china, pita ukathandize mnzako kumaliza chake. Nzeru imeneyi si yanga. Inachokera ku fakitale za Toyota ku Japan, kumene Taiichi Ohno ankagwiritsa ntchito makhadi otchedwa kanban kuti zipangizo zisaunjikane pamzere zisanafunike. Kwathu kuno akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo bolodi lathu limaonetsa zomwezo.

Chomwe chandikhudza kwambiri lero chinachitika masana. Titachotsa makhadi asanu ndi atatu, ndinakhala pansi ndi mtsikana amene anayamba nafe mwezi watha. Khadi lake linali litaima masiku atatu. Ndinakoka mpando pafupi ndi desiki yake. Pa sikirini panali mizere iwiri yofanana ndendende: kholo limodzi, ndalama yomweyo, nthawi yosiyana ndi masekondi 40. Netiweki ikadukiza, foni imatumizanso pempho, ndipo pulogalamu yathu imalemba kuti munthu walipira kawiri. Iye anali atalipeza vutoli yekha Lachiwiri, koma amaopa kunena poganiza kuti walakwitsa ndi iye. M'kabuku kake anali atalemba ndi pensulo nthawi iliyonse yomwe zachitika, tsamba ndi theka.

"Achemwali, mwagwira ntchito yaikulu," ndinamuuza. "Bwanji simunanene?"

"Ndimaona aliyense ali bize," anatero motsitsa mawu.

Zinandipweteka, chifukwa kutanganidwa kwathu kuja n'kumene kunamutseka pakamwa. Tinakonza limodzi, iye pa kiyibodi, ine ndikungofunsa mafunso. Malipiro aliwonse tinawapatsa nambala yakeyake, ndipo pulogalamu ikaona nambala yomwe yadutsa kale, siyilembanso. Iye analemba mayeso awiri otsimikizira zimenezo, ndipo onse anadutsa pasanathe maola awiri. Vutoli likanafika kusukulu, ndi makolo angati akanaima pamzere kwa msungichuma atanyamula mauthenga a pa foni ngati umboni?

Magetsi anathima 3 koloko, jenereta inalira, tinapitiriza.

Chomaliza chinali khodi yatsopano ya mnzathu yomwe yakhala ikudikira masiku anayi kuti wina aiwerenge isanalowe mu pulogalamu, zomwe timazitcha pull request. Inali ndi mizere yoposa 1,500, ndipo n'chifukwa chake aliyense amaizemba. Palibe amene angawerenge mizere yochuluka chotero ndi mtima wonse. Maso amatopa, munthu amangovomereza. Mwini wake anavomera kuigawa zidutswa zinayi. Chidutswa choyamba ndachiwerenga m'mphindi 20, ndapezamo malo awiri ofunika kukonza, wakonza, talowetsa mu Git, nkhokwe ya khodi yathu.

Pochoka 5:30 ndinaimanso pa bolodi. Zomwe zatha ndi zitatu tsopano, zomwe zili mkati ndi zitatu. Ndapempha mtsikana uja kuti mawa ayambe ndiye kulankhula pa msonkhano wa m'mawa, aonetse anzathu kabuku kake kaja.